Chitseko chili chokiya koma katundu wapita: zokambirana pa gulu la anthu a ku Area 25

Lachisanu madzulo

Amake Tadala: Anzanga a pa gulu, mwaswera bwanji. Ndabwera ndi nkhani yowawa. Lero kwathu kwalowa akuba masanasana. Atenga TV, mbaula yamagetsi, mabulangete awiri ndi thumba la ufa lomwe ndinagayitsa Lachiwiri. Chimene chandizunguza mutu n'chakuti chitseko sanathyole. Ndachipeza chokiya monga ndinachisiyira, mawindo ali bwinobwino, zitsulo zake palibe chopindika. Ndatsegula ndekha ndi kiyi wanga, kulowa, kuona pa kabati patsala fumbi lokha lozungulira pomwe panali TV. Ndinangokhala pansi osavula ndi nsapato zomwe. Alipo amene zoterezi zinamuchitikirapo?

Anaphiri: Kalanga ine! Pepani kwambiri amake Tadala. Ana anali kuti?

Amake Tadala: Anali kusukulu, mwayi wake ndi womwewo. Ine ndinachoka cha m'ma 11 kukagula zapamwezi m'tauni, ndimati ikamakwana 1 koloko ndikhala nditabwerera. Koma pa mzere wolipirira pokha ndinaimapo kupitirira ola. Pofika kunyumba 3 inali itadutsa.

Abambo ake Yankho: Pepani mayi. Kupolisi mwapita?

Amake Tadala: Tapita ndi bambo a kunyumba, talembetsa. Koma ndinali ndi mantha kuti poti chitseko sichinathyoledwe, mwina aziti palibe mlandu wothyola nyumba.

Aphunzitsi Opuma: Mantha amenewo achotseni, mwana wanga. Pa malamulo athu, munthu akatsegula chitseko cha eni ndi kiyi popanda chilolezo n'kulowa ndi cholinga chakuba, wathyola nyumba basi, ngakhale thabwa lisang'ambike. Mlandu wake uli pa gawo 309 la Penal Code. Kusiyana kwake n'kwakuti wausiku amautcha burglary, wamasana housebreaking. Mulembe zonse zomwe zapita, ndipo ngati katoni ya TV munasunga, pali nambala yake pamenepo, mukawapatse.

Mmisiri wa pa Nsungwi: Pepani mayi. Ndifunseko, kiyi wanu ndi wamtundu wanji? Wautali uja wa mano kumapeto kokha, kapena waufupi wophwatalala wa mano m'mbali?

Amake Tadala: Wautali uja. Pamutu pake pali chilembo ndi nambala.

Mmisiri wa pa Nsungwi: Ndiye nkhani ingakhale pamenepo. Choyamba, nambalayo musailembe pa gulu pano. Maloko amene ali m'nyumba zambiri zalendi kuno ndi aja timati two lever. M'kati mwake muli timapale tiwiri tokha tachitsulo togwira lilime la loko. Kiyi akamazungulira, mano ake amanyamula timapaleto, tikafika pa mlingo wake lilime limayenda. Poti timapale ndi tiwiri basi, mitundu ya makiyi ake ndi yowerengeka, ndipo mtundu uliwonse uli ndi nambala yake. Mukataya kiyi simuchita kuzula loko kupita naye kwa mmisiri ayi. Mumangopita kwa a hadiweya, kuno ku Nsungwi kapena ku Malangalanga, kutchula nambala, iwo n'kukuchotserani kiyi pa mtolo womwe wapachikika pa waya. Palibe amene angakufunseni ngati nyumbayo ndi yanu. Ndiye munthu amene waona nambala ya kiyi wanu kamodzi kokha, kapena amene watolera makiyi ambirimbiri, amalowa ngati mwini nyumba, potuluka n'kukukiyirani. Maloko amenewa malo ake ndi zitseko zam'kati, kuchipinda ndi kubafa. Pa khomo lakunja amaikidwa chifukwa ndi otchipa.

Anaphiri: Mayo ine, ndangoyang'ana wanga, nayenso ali ndi nambala. Zaka zonsezi ndimaupachika pa chikwama poonekera mtolo wa makiyiwu.

Abambo ake Yankho: Amisiri, mwanena zoona koma tisangowakankhira eni nyumba. Ine ndili ndi nyumba zinayi pa mdadada. Mlendi aliyense akamatuluka amabweza kiyi mmodzi pomwe ndinamupatsa awiri. Wina anataya onse n'kuthyola loko ndi hamala, felemu n'kung'ambika. Ndikaika loko wodula lero, chaka chamawa ndikagulanso wina. Chimene ndimachita ine, wolowa ndimamuuza kuti ukafuna gula loko wako, wangayo usunge, potuluka udzabwezeretsepo. Koma ambiri sachita, amati ndalama yathera lendi ya miyezi itatu.

Mmisiri wa pa Nsungwi: Bambo, maloko anayiwo munagula tsiku limodzi, sitolo imodzi?

Abambo ake Yankho: Ee, pomanga.

Mmisiri wa pa Nsungwi: Mawa mutenge makiyi onse anayi muwaike pa tebulo muyerekeze manambala. Ndaonapo mdadada wa zitseko zisanu ndi chimodzi, zitatu kiyi wake mmodzi.

Nabanda wa pa kauntala: Pepani amayi pa zomwe zakugwerani. Ine ndagwidwa ndi mawu aja oti munaima pa mzere kupitirira ola. Ndimagwira ntchito yolandira ndalama m'sitolo, ndiye zimandikhudza. Chinachitika n'chiyani, makina anafa?

Wapampando wa gulu: Fotokozani amake Tadala, koma dzina la sitolo lisatchulidwe, monga mwa lamulo la gulu lathu.

Amake Tadala: Makina anali bwino. Anthu ndi amene anandichedwetsa, ndipo ndikakumbukira mtima ukuwawa, chifukwa nthawi yomwe ndimaima pamenepo ndi yomwe anthu amanyamula katundu wanga. Nditafika pa mzere ndinawerenga, ndinali wa nambala 7. Kutsogolo kwanga kunali basiketi pansi, muli sopo mmodzi ndi paketi ya mchere, mwini wake osaoneka. Mzere ukasuntha, bambo wina ankaikankha ndi phazi. Titayandikira, kunatulukira mayi wina ndi trolley yodzaza mpaka pakamwa, mwana wake akukankha ina, akuti malo anga ndi awa, ndinasiya basiketi. Asanayambe n'kutsitsa komwe, kunabwera mnzawo, moni moni, za kutchalitchi, kenako ndikumva akuti ingoikani zanu kumbuyo kwa zangazi mulipire panokha. Mnyamata wina naye anali ataimira abwana ake, iwo ali m'galimoto, anawaimbira foni atatsala wachiwiri. Pa anthu 6 omwe ndinawawerenga, amene analipira ine ndisanafike anapitirira 12. Ndinayankhula kamodzi, mayi wa ma trolley uja anangondiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, ena onse zii. Ndinachita manyazi ngati wolakwa ndine.

Anaphiri: Zowawa ndithu. Koma ine pa nkhani ya basiketi ndisiyane nanu pang'ono, achemwali. Kusungitsa malo ndi khalidwe lathu kuyambira kale. Pa mjigo timandandalika ndowa n'kupita kukasesa. Kuchigayo matumba ndi amene amaima pa mzere, eni ake ali pamthunzi. Ku ADMARC chimanga chikasowa anthu amaika miyala usiku. Pa mizere ya mafuta ija ya 2022 ndi 2023 anthu ankasiya galimoto n'kukagona kwawo. Ine mwendo umandivuta, ndikaona mzere wautali ndimasiya basiketi n'kukatenga zotsala. Ndiye kuti ndimalakwa?

Aphunzitsi Opuma: Anaphiri, funso lanu ndi labwino, ndiyankhe mofatsa. Ndowa ya pa mjigo imanena zoona. Wobwera pambuyo amawerenga ndowa khumi, amadziwa kuti adikira ndowa khumi, ndipo akafuna amabwerera kukaphika kaye. Thumba la kuchigayo ndi chimanga chomwecho chimene chidzagayidwe, silitupa mwini wake akabwera. Galimoto ya pa mzere wa mafuta thanki yake ndi yomweyo. Koma basiketi ya sopo mmodzi imene ikusanduka ma trolley awiri yanamiza anthu onse akumbuyo. Amake Tadala anasankha mzere umenewo chifukwa anawerenga zimene maso awo anaona. Akanadziwa akanaima pena. Inuyo mukasiya basiketi yanu yodzaza n'kuthamangira machesi omwe mwaiwala, mutamuuza wakumbuyo kwanu, palibe angadandaule. Kuyamba kugula mutagwira kale malo, kumeneko ndiye ndikukana.

Anaphiri: Ndamva aphunzitsi. Ine sindipitirira zinthu ziwiri kapena zitatu, ndipo ndimanena.

Wakabaza wa ku Dzenza: Nanga ife ogula buledi mmodzi? Ine ndimasiya njinga panja kasitomala akudikira. Kutsogolo kuli ma trolley asanu. Ndikapempha kuti ndidutseko ena amalola, ena amakalipa ngati ndawatukwana.

Nabanda wa pa kauntala: Achimwene, vuto ndi loti mumapempha munthu mmodzi, wakutsogolo yekha. Iye akalola, mwadutsa anthu onse amene ali kumbuyo kwake, omwe simunawapemphe. Ine ndimaona nkhope zawo, inu simuziona chifukwa mwawapatsa msana. Mukafuna kupempha, yambirani kumbuyo, mukweze bulediyo aliyense amuone, munene mokweza pang'ono kuti makolo, ndili ndi kamodzi komweka. Kawirikawiri anthu amalola. Ndipo masitolo ena ali ndi kauntala ya ogula zochepa, koma imadzazanso ndi ma trolley chifukwa tikamubweza munthu amatiopseza kuti akatinenera kwa abwana.

Wakabaza wa ku Dzenza: Kuyambira kumbuyo sindinaganizepo. Ndiyesa.

Nabanda wa pa kauntala: Poti nkhaniyi yayambika, mundilole ndinene zomwe timaona ife okhala mbali inayo, chifukwa mzere ukachedwa aliyense amayang'ana ife. Munthu waima mphindi 30 akusewera ndi foni. Ndamuwerengera zonse, ndamuuza mtengo, m'pamene akuyamba kumasula chikwama, m'chikwamamo muli kachikwama kena, ndalama zili zopindapinda. Wina akulipira pa Airtel Money kapena Mpamba koma sanaone n'komwe ngati muli zokwanira, akuyamba kuimbira amuna awo kuti tumizani. Wina khadi yakana, akuti yesaninso, kachitatu, kachinayi, osafuna kupatuka kuti ndithandize wotsatira. Netiweki ikagwa si ine ndaigwetsa. Chenji nacho ndi nkhondo. Chibwerere K5,000 mu 2022, m'mawa anthu asanu oyamba onse amabwera ndi imeneyo kudzagula za K700, ma K50 ndi ma K100 onse n'kutha. Za maswiti m'malo mwa chenji nanenso sindizikonda, ndalama ya munthu ndi ya munthu, ndipo muli ndi ufulu wokana. Koma mukane mwaulemu, amene ali pa kauntala si amene amasunga ndalama za sitolo.

Chinthu chimodzi chokha ndikupempheni ndi mtima wonse. Mukaona munthu ndalama zamuperewera akubweza zinthu, musamuusire moyo mokweza kapena kumuseka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo inkasintha pafupipafupi, ndipo ndinaona azimayi akuluakulu aulemu wawo akubweza sopo, kubweza shuga, kutsala ndi mafuta ndi mchere, manja akunjenjemera. Gogo wina anabweza paketi ya mkaka wa mdzukulu, mtsikana wakumbuyo n'kunena kuti muziwerengeratu kunyumba. Gogoyo sanayankhe, anangomanga chenji pa nsonga ya chitenje. Tsiku limenelo ndinalira ku chimbudzi pa nthawi yopuma.

Amake Tadala: Achemwali, mwandikhudza. Ineyo lero ndinalowetsa gogo wa ndodo kutsogolo kwanga, ndipo ameneyo sindikumuwerengera pa ondichedwetsa. Okalamba, oyembekezera, olumala, wobereka khanda lolira, amenewo adutse, ndipo tisadikire kuti achite kupempha.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo palibe mtsutso. Chondidandaulitsa ndi anyamata amene amaweramira pa foni dala kuti asamuone mayi wapakati. Komanso kuthithikana. Mu 2020 nthawi ya Covid anatijambulira mizere pansi kuti tizitalikirana mita imodzi, ndipo kwa miyezi ingapo munthu unkalipira popanda wina kukupumira m'khosi. Matenda atachepa tabwereranso kukankhana ndi trolley ku zidendene. Ine polemba nambala yachinsinsi ya khadi ndimachita kuphimba ndi chipewa.

Nabanda wa pa kauntala: Aphunzitsi mwandikumbutsa chinthu chomwe chikugwirizana ndi nkhani ya amake Tadala. Pa mzere anthu amayankhula pa foni ngati ali kuchipinda kwawo. Sabata siitha ndisanamve wina akuuza mwana kuti kiyi ndasiya pansi pa mwala wa pakhonde, kapena m'mbaula, kapena pamwamba pa felemu, ndichedwa ndili m'tauni. Anthu 10 amva kuti kunyumba kulibe munthu ndiponso pomwe pali kiyi. Ena pofufuza ndalama amakhuthulira mtolo wa makiyi pa kauntala, nambala zili poyera. Sindikuti ndi zomwe zachitika lero, koma tisamale.

Amake Tadala: Foni sindinaimbe, ndipo kiyi sindisiya panja. Koma zokhuthulira makiyi pa kauntala ndimachita nthawi zonse, ngakhale pa okala ya pafupi ndi kwathu.

Achimwene a ku Joni: Pepani alamu. Kuno ku Johannesburg nyumba yopanda geti yachitsulo kutsogolo kwa chitseko ndi yosowa. Amisiri, bwanji angoika loko wa silinda uja wa kiyi wophwatalala? Ndi amene ali ponseponse kuno.

Mmisiri wa pa Nsungwi: Silinda ndi wabwino kuposa two lever, achimwene. Kapangidwe kake ndi kaja anakonza Linus Yale ku America m'zaka za m'ma 1860. M'kati muli timapini tokhala pa masipuling'i, kawirikawiri tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, tosiyana kutalika. Kiyi woyenera yekha ndi amene amatiimika tonse pa mzere umodzi kuti silinda azungulire, ndiye mitundu ya makiyi ake ndi yochuluka zedi, sungagule pongotchula nambala pa msika. Ubwino wina, mukasamukira nyumba ina kapena kiyi akatayika, mumamasula sikuluwu imodzi ya m'mbali mwa chitseko, kusolola silinda, kuika wina, osachotsa loko yense. Koma ali ndi pofooka pake. Akatulukira kunja kwa handulo kwambiri, akuba amamugwira ndi sipanala n'kumuthyola pakati pomwe pamadutsa sikuluwu ija. Pogula muyeze kunenepa kwa chitseko, silinda athere pa handulo penipeni. Otchipa kwambiri aja opepuka ngati chitini, asiyeni.

Koma ndinene zoona, pa nyumba khumi zothyoledwa zomwe amandiitana kukakonza, zambiri loko amakhala ali bwinobwino. Chimene chagonja ndi felemu. Thabwa la paini lodyedwa ndi chiswe, kachitsulo kolandira lilime la loko komangidwa ndi timasikuluwu tatifupi, munthu kungoponda kamodzi chitseko chatseguka. Ena chitseko chakunja ndi chija chapulayiwudi chopanda kanthu m'kati. Ena mahinjesi ali kunja, wakuba amangogogoda msomali wa hinjesi n'kunyamula chitseko chonse. Ena agula loko wokoloweka wamkulu ngati chibakera, koma kachitsulo kokolowekapo masikuluwu ake ali poyera, sikuludiraiva yokha yakwana. Mukapita ku Mchesi kukagula chitseko, funsani cha thabwa lolimba ngati mlombwa, ndipo felemu muiganizire kuposa loko.

Anaphiri: Loko wokoloweka panja amalengezanso kuti eni ake kulibe. Munthu amaonera kumsewu.

Mmisiri wa pa Nsungwi: Zoona mayi. Ndipo loko akayamba kulimba musathiremo mafuta ophikira, amagwira fumbi n'kuuma ngati phula. Palani mtovu wa pensulo, mupake pa kiyi, mulowetse n'kutulutsa kangapo.

Azakhali a ku Leeds: Pepani amake Tadala, ndangotuluka ku ntchito. Kuno ku England makampani ambiri a inshuwalansi amafuna kuti chitseko chakunja chathabwa chikhale ndi loko wa five lever, wa timapale tisanu, wokhala ndi chizindikiro cha muyezo wa ku Britain cha BS 3621, apo ayi akakuberani amavuta kulipira. Ndiye amisiri akunena zoona, two lever ndi wa kuchipinda. Koma chimene ndikufuna kuwonjezera ndi moto. M'nyumba zambiri zogona anthu ambiri kuno, loko m'kati amakhala ndi kachitsulo kopotokola ndi chala, osafuna kiyi, kuti utsi ukadzaza munthu atuluke msanga. Kwathuko timadzitsekera ndi maloko atatu, mawindo onse zitsulo, makiyi ali m'thumba la thalauza kuchipinda.

Anaphiri: Azakhali mwanena zimene zinandionekera. Chaka china magetsi atazima mdzukulu wanga anagona kandulo ili yoyaka, katani n'kugwira. Tinadzuka ndi utsi. Geti yachitsulo inali ndi loko wokoloweka m'kati, kiyi sindikumukumbuka pomwe ndinamuika, mumdima, ana akutsokomola. Ndinakwawa pansi kupapasa, ndinamupeza m'mbale ya pa tebulo. Moto tinauzima ndi ndowa za m'bafa, koma zikanachedwa mphindi zochepa sindikudziwa. Kuyambira pamenepo kiyi wa geti amagona pa msomali umodzi, kumbuyo kwa chitseko, poti dzanja lochokera pawindo silingafike, ndipo mwana aliyense amaudziwa msomaliwo. Komanso amayi anzanga, chonde, zokiyira ana aang'ono m'nyumba inu n'kupita kumsika zitheretu.

Wapampando wa gulu: Mawu amenewo aliyense awerenge kawiri. Amisiri, mungawafikire amake Tadala mawa?

Mmisiri wa pa Nsungwi: Ndifika m'mawa ndisanatsegule shedi. Kuona kokha sindilipiritsa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Usiku uno mayi mukankhire tebulo kuchitseko, ndipo kiyi mumusiye m'loko mutamupotoza pang'ono, wina sangalowetse wake kunja.

Loweruka masana

Amake Tadala: Anzanga, amisiri anabwera. Ndilembe bwinobwino chifukwa manja akunjenjemera. Anamasula loko n'kutionetsa timapale tiwiri tija, palibe chokalika kapena chopindika, kusonyeza kuti anatsegula ndi kiyi weniweni. Kenako anapempha aneba a pa mdadada wathu, tilipo mabanja asanu, kuti aliyense abweretse kiyi wake. Atatu mwa asanu nambala ndi imodzi. Kiyi wa khomo lachiwiri anatsegula kwathu ngati kwawo. Wanga naye anatsegula kwawo, ndi khomo lakumapeto lomwe.

Wakabaza wa ku Dzenza: Basitu wakuba wapezeka. Ndi wa pa mdadada pomwepo. Ndani wina angadziwe kuti mayi apita m'tauni? Apolisi akafufuze m'nyumba ziwirizo lero lomwe katundu asanatuluke.

Aphunzitsi Opuma: Mwana wanga, bweza mawu amenewo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amisiri anena dzulo kuti kiyi wa nambala imeneyo aliyense angamugule pa msika. Nyumbazo zakhalamo alendi angati chimangidwire? Aliyense wa iwo anatuluka ndi kiyi kapena akuikumbuka nambala. Alipo omanga, opaka penti, anyamata otunga madzi, ana amene anataya kiyi kusukulu. Kuno ku Lilongwe taonapo anthu akumenyedwa, ena kutenthedwa, chifukwa cha mawu oti ndi ameneyu, pambuyo pake n'kupezeka kuti sanali iye. Dzina la munthu likaipa pa gulu la anthu ochuluka chonchi silichapika.

Amake Chikondi: Ndakhala chete chiyambire dzulo koma tsopano ndiyankhule. Khomo lachiwirilo ndi langa. Kiyi amene watsegula kwa amake Tadala ndi wanga, ndipo ndinamupereka ndekha m'manja mwa amisiri, palibe anandikakamiza. Pamene loko analira kuti kwatsa, miyendo inandizizira, chifukwa ndinadziwa zimene anthu aganize. Takhala moyandikana zaka zinayi. Tadala ndinamusambitsa ine amake ali kuchipatala. Dzulo ndinali ku maliro ku Lumbadzi kuchokera m'mawa, mwamuna wanga anali ku ntchito ku Kanengo. Nyumba yanga ndi yotsegula, apolisi abwere, amake Tadala alowe ayang'ane mpaka pansi pa bedi. Koma achimwene a kabaza, mwandilasa. Nanenso zaka zinayi ndakhala ndikugona m'nyumba yomwe anthu osawadziwa ali ndi kiyi wake, ndili ndi ana aakazi awiri.

Amake Tadala: Amake Chikondi, ine sindinakuganizireni ngakhale pang'ono, ndipo ndanena pamaso pa amisiri. Usiku wathawu nsima tadya ya ufa wanu. M'nyumba mwanu sindilowa kukafufuza.

Wakabaza wa ku Dzenza: Amayi, ndalakwa, ndinathamanga pakamwa. Mundikhululukire. Uthenga uja ndaufufuta.

Amake Chikondi: Ndamva achimwene.

Abambo ake Yankho: Nane ndayerekeza makiyi anga m'mawa uno monga munanenera amisiri. Awiri mwa anayi ndi ofanana. Ndawaitana alendi onse madzulo ano. Maloko a makomo akunja ndisintha ndi ndalama yanga, akalewo apite kuzipinda. Amake Tadala, eni nyumba anu mwawauza?

Amake Tadala: Tawaimbira. Poyamba amati si vuto lawo, koma bambo a kunyumba atawafotokozera za makomo atatu aja avomera kuti tigule tokha, tidzachotsere pa lendi theka la mtengo. Mabanja onse asanu tagwirizana kupita limodzi Lolemba ku Malangalanga ndi amisiri, kuti atisankhire ndi kuonetsetsa kuti makiyi ndi osiyana.

Mmisiri wa pa Nsungwi: Tikagule a silinda, ndipo paketi ikhale yomata, makiyi onse atatu ali m'kati. Tidzayesa kiyi aliyense pa loko aliyense tisanachoke pa sitolo. Felemu ya amake Tadala ili bwino, yachitsulo. Ya khomo lakumapeto ndi yathabwa ndipo chiswe chayamba pansi, imeneyo ndi ntchito ina. Pakadali pano ndawakhomera mpiringidzo m'kati, thabwa lopingasa pa zitsulo ziwiri, ngati momwe ankachitira makolo kumudzi. Usiku palibe kiyi amene angatsegule chimenecho, ndipo mwana amatha kuchinyamula yekha pakagwa ngozi.

Nabanda wa pa kauntala: Amayi, mukamadzagulanso zapamwezi, ngati n'kotheka pewani Lachisanu ndi Loweruka la malipiro. Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa sitolo ikangotsegulidwa mzere sufika anthu anayi. Ndipo wina akadzakulowererani, musalimbane naye, uzani wa pa kauntala mokweza kuti amene akubwera si wotsatira. Ambirife timafuna kumubweza, koma timalimba mtima pokhapokha wina pa mzere wayankhula, ndipo ena amuvomereza.

Aphunzitsi Opuma: Pamenepo pa ena kuvomereza m'pamene tinawalakwira amake Tadala dzulo, ngakhale sitinalipo. Ineyo ndakhalapo chete kangapo wina akudandaula pa mzere, poopa kuoneka wolongolola. Ulendo wina ndidzayankhula.

Anaphiri: Amake Tadala, ndili ndi bulangete lina lomwe silikugwira ntchito, ndimutuma mdzukulu abweretse madzulo. Kukuzizira, ana asagone chofunda chitenje.

Amake Tadala: Zikomo Anaphiri, Mulungu akudalitseni. Zikomo nonse. Lolemba nyumba sitiisiya yokha, amake Chikondi atsala kuyang'anira makomo onse asanu ife tikapita. Pempho langa lomaliza, amene mumayenda m'misika ndi kwa okonza mawailesi, TV yathu ndi yakuda ya mainchesi 32, pakona yakumanzere pansi ili ndi mng'alu waung'ono pomwe Tadala anaigunda ndi mpando, ndipo kumbuyo kwake kuli kachidutswa ka tepi yofiira. Rimoti anaisiya, ili ndi ine. Mukaiona musachite phokoso, mundiuze pambali ndikadziwitse apolisi.